Tawuni Imene Msewu Unaithawa: Mphamvu ndi Zofooka za Filimu ya Cars

Mwana aliyense ukamupatsa pensulo n'kumuuza kuti ajambule galimoto yokhala ndi nkhope, maso amawaika pa magetsi akutsogolo. Ndi mmene tonse timaionera galimoto. John Lasseter ndi anzake a ku Pixar, pokonza filimu ya katuni ya Cars imene inatuluka mu June 2006, anakana njira imeneyi. Maso anawakweza n'kuwaika pa galasi lalikulu lakutsogolo, pamalo pamene timayembekezera kuona dalaivala. Nzeruyi sanaiyambe iwo. Anaitenga ku kafilimu kakafupi ka Disney ka mu 1952, Susie the Little Blue Coupe. Koma ndi nzeru imene yasenza filimu yonse. Maso akakhala pa magetsi, nkhope imatsikira pafupi ndi msewu, thupi n'kumangokwekwereka kumbuyo, ndipo galasi lopanda kanthu limangokufunsa kuti woyendetsa ali kuti. Maso akakwera pa galasi, galimoto yonse imasanduka mutu: boneti ndi mphuno, bampala ndi milomo, matayala akutsogolo ndi manja olozera ndi okanira. Funso la dalaivala limatheratu, chifukwa galimotoyo yakhala mwini wake.

Pa maso pomwepa ndi pamene pakuonekera khalidwe la filimuyi. Anthu amene ankajambula ndi kuyendetsa zithunzi anaganiza mozama pa chilichonse, mpaka pa kafumbi kokhala pa bampala. Amene ankaluka nkhani anatola chinthu chachikulu, imfa ya tawuni imene msewu waithawa, koma itakwana nthawi yoti alimbane nacho anachita mantha, n'kuchikwirira ndi mathero otsekemera. Filimuyi ndimaikonda, ndipo n'chifukwa chake kuzemba kumeneku kumandiwawa.

Lamulo limene ojambula anatsatira linali lakuti chitsulo chikhale chitsulo. M'makatuni akale galimoto inkatha kupindika, kutamuka, kuimirira ndi matayala akumbuyo n'kumavina. Mu Cars zoterezi n'zochepa kwambiri. Lightning McQueen, mwini nkhani, akamanyada sapinda thupi; amapendekeka pang'ono mbali imodzi, masipuling'i n'kutsika, monga imachitira galimoto yeniyeni ikakhota mwaliwiro. Mater, bulekidauni yodzala dzimbiri, amayenda mogwedera, chingwe chokokera chikulendewera kumbuyo, ndipo umachita kumva kuti mabawuti ake analefuka kalekale. Doc Hudson amayenda motsika, molemera, mosapupuluma. Usanamve liwu lililonse, kayendedwe kakuuza kale kuti uyu ndi mnyamata wodzimva, uyu alibe nazo ntchito za maonekedwe, uyu ndi mkulu amene ali ndi zake zimene sakufuna kunena. Ndi luso lovuta kuposa mmene likuonekera, pakuti wojambula walandidwa pafupifupi zida zake zonse. Palibe mapewa, palibe zala, palibe khosi. Watsala ndi zikope, milomo, matayala anayi ndi kulemera kwa thupi.

Kunyezimira nako kunawadyera nthawi. Galimoto ya penti yatsopano imaonetsa chilichonse chimene yayandikana nacho: thambo, magetsi a m'bwalo, galimoto inzake. Kuti zimenezi zitheke, Pixar inadalira kwambiri njira yotchedwa ray tracing, imene kompyuta imalondola kuwala kuchokera pomwe kwagunda mpaka pomwe kwabwerera. Chithunzi chimodzi chinkatenga maola pafupifupi 17 kuti kompyuta ichimalize, chonsecho sekondi imodzi ya filimu imafuna zithunzi 24. Sikuti ankangofuna kudzionetsera. Kunyezimirako kuli ndi ntchito m'nkhani: McQueen akulowa m'filimu akung'anima ngati sanapondepo dothi, ndipo masiku akamapita m'chipululu, fumbi ndi madontho a tala zikumuphimba mpaka akuyamba kufanana ndi malo amene ali.

Mphindi zoyambirira zikusonyeza mmene nkhani imafotokozedwera popanda kulongolola. Tikuyamba mumdima, tikumva McQueen akudzilimbitsa mtima yekha m'thirela. Chitseko chikutsika, phokoso la bwalo likutimiza. Kamera ikutengera kajambulidwe ka mipikisano ya NASCAR pa wailesi yakanema ya ku America: ina ili pansi penipeni m'mphepete mwa msewu, mpaka kugwedezeka magalimoto akamadutsa, ina ili m'mwamba, ina ili ngati yamatiridwa pa galimoto. Oulutsa mawu ndi enieni, Bob Costas ndi Darrell Waltrip, atangowasintha mayina pang'ono. M'kati mwa chipwirikiticho tikudziwana ndi opikisana atatu. Strip Weathers, amene onse amamutcha The King, ndi katswiri wokalamba amene akuthamanga chaka chake chomaliza; mawu ake ndi a Richard Petty, amene anatenga ukatswiri wa NASCAR maulendo 7, ndipo nambala 43 ndi mtundu wabuluuwo ndi zake zenizeni. Chick Hicks ndi wachiwiri wa masiku onse, wansanje, wokonda kugunda anzake. McQueen, nambala 95, wangoyamba kumene chaka chomwecho. Akalowa pamalo osinthira matayala akungomwa mafuta n'kuthawa, amisiri ake akumuitana. Pozungulira komaliza tayala lakumbuyo likuphulika, kenako linzake, ndipo akufika pamzere akudumphadumpha pa marimu, lilime lili panja. Atatuwo afika pamodzi. Palibe amene watiuza kuti mnyamatayu samva za anzake. Taona matayala ake.

Kuti apeze mwini Chikho cha Piston, akonza mpikisano wina ku California pakatha sabata imodzi. McQueen akukakamiza Mack, thiraki yomunyamula, kuyenda usiku wonse osapuma. Mack akusinza, chitseko chikutseguka, McQueen akudzidzimuka ali yekha pakati pa msewu, alibe ngakhale magetsi, pakuti a galimoto yampikisano ndi zomata chabe. Posochera akugwera m'katawuni ka Radiator Springs, n'kukumba msewu wake waukulu ndi chipilala chimene wachikola m'mawaya. Khoti likugamula kuti asachoke mpaka ataukonza.

Apa ndi pamene ambiri amadandaula kuti filimu yaima. N'zoona kuti mwana wamng'ono amene wabwerera liwiro amayamba kutembenukatembenuka pampando, ndipo mphindi 117 ndi zambiri kwa banja. Koma ine ndikuona kuti gawo lapakatili ndiye filimu yeniyeniyo. Mipikisano iwiri ija ndi polowera ndi potulukira basi. Kuti woonera amve zimene McQueen akumva, ayenera kutopa naye limodzi. Pali kachithunzi kamene ndimakakonda. Ndi usiku, loboti imodzi yokha ya m'tawunimo ikuphethira chikasu pamphambano yopanda galimoto, ndipo awiri mwa eni tawuni, Fillmore ndi Sarge, angokhala poteropo akuiyang'ana, kukangana ngati kuphethira kwachitatu kumachedwerapo kapena ayi. Nkhani yaikulu ya tsikulo ndi imeneyo. Tsiku lina pakutulukira banja la magalimoto awiri osochera, tawuni yonse ikuwathamangira, uyu akutsatsa matayala, uyu penti, uyu mafuta, mpaka alendowo akuthawa atakhoma zitseko. Timaseka, koma amene anaonapo msika wa m'mbali mwa msewu pamene mabasi anasiya kuima, amayi atakhala ndi malichero a nthochi akungoyang'ana fumbi, amadziwa kuti kuthamangira kotereku kumachokera pa usiwa.

Chilango chokonza msewu chinasankhidwa mwanzeru. Galimoto imene moyo wake wonse yakhala ikudya msewu osauganizira, tsopano yamangiriridwa ku Bessie, chimakina chothira tala yotentha, n'kumakoka pang'onopang'ono dzuwa likuswa mtengo. Poyamba akuchita zongothana nazo, akuthamanga nacho, msewu n'kutuluka wa mabampu okhaokha. Akuupala n'kuyambiranso. M'mawa mwake eni tawuni akuyendapo modabwa ndi kusalala kwake, ndipo msewu watsopanowo ukuchititsa manyazi nyumba zawo, mpaka aliyense akuyamba kupenta ndi kukonza pakhomo pake. Kusintha kwa mtima wa McQueen tikukuona ndi maso, kukuyezedwa ndi kutalika kwa tala imene wathira.

Phata la filimuyi ndi Doc Hudson, woweruza komanso dokotala wa tawuni. Mawu ake ndi a Paul Newman, amene filimu imatuluka n'kuti atapitirira zaka 80, munthu amene mpikisano wa magalimoto sankaudziwa mongomva: mu 1979 anamaliza wachiwiri pa mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France. Liwu lake ndi losasa, lotopa, losawononga mawu. Galimoto imene anamupatsa ndi Hudson Hornet ya 1951, imene inalamuladi mipikisano ya NASCAR kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, chifukwa inali yotsika ndipo inkagwira pansi pokhota. Kampani ya Hudson inaphatikizana ndi Nash mu 1954, ndipo pakutha pa 1957 dzinalo linasiya kuikidwa pa magalimoto. M'filimu, 1954 ndi chaka chimene Doc anachita ngozi yoopsa. Atachira n'kubwerera, anapeza kuti amuiwala kale, akutamanda wina watsopano. Mbiri ya galimoto ndi mbiri ya mwini mawu zalukana moti msoko sukuoneka.

Chinsinsi chimenechi McQueen akuchitulukira m'garaja yodzala fumbi, momwe zikho zitatu za Piston zaponyedwa pakati pa katundu wakale, china chikusungira zida. Chinthu chimene iye akuchifera, mnzake akuikamo masipanala. Kenako pakubwera chithunzi chimene kwa ine n'choposa zonse m'filimuyi. Doc ali yekha pa bwalo la dothi kunja kwa tawuni, wavala matayala ake akale ampikisano, sakudziwa kuti wina akumuonera. Akuyang'ana njira kwa kanthawi, akupuma, injini ikulira. Pofika pa kona imene McQueen wakhala akugwerapo m'minga, msana wa galimoto ukuterereka, matayala akutsogolo akuloza kumanja pamene galimoto ikukhotera kumanzere, fumbi lofiira likukwera, ndipo nkhope ya mkuluyo ikumasuka koyamba chiyambireni filimu. Awa si matsenga a katuni. Ndi mmene oyendetsa pa dothi amachitiradi matayala akumbuyo akasiya kugwira pansi. Doc anali atamuuza kale McQueen ndi pakamwa, mnyamatayo n'kumuseka. Phunziro linalowa tsiku limene analiona likuchitika. Filimu yonse ikanakhulupirira maso a woonera chonchi, bwenzi tikunena zina.

Chotsatira chake ndi ulendo wa McQueen ndi Sally, loya wa m'tawunimo, wokwera mapiri, ulendo wopanda kolowera, kungoyenda basi. Apa ojambula anamasuka: nkhalango, mathithi, masamba ouluka kumbuyo kwa matayala, matanthwe oumbika ngati maboneti ndi zipsepse za magalimoto akale a Cadillac. Ali pamwamba, Sally akumuonetsa chigwa chonse, ndipo patali pakuoneka msewu waukulu wa Interstate 40, wowongoka, wodula mapiri pakati, magalimoto akuthamangamo osacheuka. Radiator Springs ndi tawuni yopeka, koma chimene chinaigwera si chopeka. Route 66, imene tawuniyi ili m'mbali mwake, inakhazikitsidwa mu 1926, kuchokera ku Chicago mpaka ku Los Angeles, mtunda wa makilomita pafupifupi 3,900, ndipo inkadutsa pakati penipeni pa matawuni ang'onoang'ono. Malo ogona alendo, odyera, omwetsera mafuta ndi magaraja zinamera m'mbali mwake. Mu 1956 Pulezidenti Dwight Eisenhower anasaina lamulo lomanga misewu ikuluikulu yolumikiza zigawo za dzikolo, ndipo misewu yatsopanoyo inkalambalala matawuni. Seligman, ku Arizona, inalambalalidwa mu 1978. Williams inali yomaliza mu 1984. Chaka chotsatira Route 66 inachotsedwa pa mndandanda wa misewu ya dziko. A ku Pixar anayenda mumsewuwu motsogozedwa ndi Michael Wallis, wolemba mbiri yake, amenenso anapereka mawu a Sheriff, wapolisi wa m'tawunimo. N'chifukwa chake nyumba za m'filimu zili ndi makolo ake enieni: malo opentera a Ramone anatengera U-Drop Inn ya ku Shamrock, Texas, ndipo timanyumba tosongoka ta Sally tikukumbutsa malo ogona a Wigwam a ku Holbrook.

Mbiri yonseyi filimu ikuipereka m'mphindi zochepa, kudzera m'nyimbo ya Our Town, yopekedwa ndi Randy Newman n'kuimbidwa ndi James Taylor. Tikuona tawuni yodzaza alendo. Tikuona eni ake akukondwera ndi msewu watsopano, atapachika chinsalu cholandirira apaulendo amene akuyembekezera kuti achuluka. Kenako msewu wawo uli zii, zikwangwani zikufwifwa, masitolo akutsekedwa limodzilimodzi, ndipo pa mapu dzina la tawuni likufufutika. Zonsezi kuti apaulendo asataye mphindi 10. Chinsalu chija ndi chimene chimandipyoza mtima: akuombera m'manja chinthu chimene chabwera kudzawamaliza, ndipo palibe woipa aliyense woti amuloze chala. Anthu angosiya kudutsa.

Tsono tikachoka pa Doc ndi pa msewu, filimu imayamba kutsimphina, ndipo imatsimphinira pa mwini nkhani. McQueen alibe kochokera. Sitikuuzidwa chimene chinamupanga kukhala wodzikonda, chimene amaopa, chimene angataye. Owen Wilson akumupatsa liwu lofewa, lansangala, limene likutithandiza kumupirira, koma ukangomuona akukana matayala umadziwiratu njira yonse imene adutse: adzatsitsidwa, adzapeza anzake, adzaphunzira kuti kuthamanga sikufika. Taganizani za Woody wa mu Toy Story, amene nsanje yake inali ndi muzu, mantha oti mwana amene amamukonda wapeza chidole china. Kapena Marlin wa mu Finding Nemo, amene kuumirira mwana kwake kunabadwa tsiku limene anataya mkazi ndi mazira ake onse kupatula limodzi. Awa ankalakwa pa chifukwa chimene chimatikhudza. McQueen amalakwa chifukwa nkhani ikufuna kuti akhale ndi choti aphunzire. Nayo nkhaniyo si yatsopano: ambiri anaona msanga kufanana kwake ndi Doc Hollywood ya 1991, momwe Michael J. Fox ndi dokotala wodzitama amene, akuthamangira ku California, akuwononga mpanda m'katawuni n'kugamulidwa kugwira ntchito komweko. Kubwereka si mlandu m'luso. Vuto n'lakuti pa ulendo wa mnyamatayu Cars sinawonjezepo chodzidzimutsa chilichonse.

Sally, Porsche ya mawu a Bonnie Hunt, anayenera kupatsidwa zambiri. Ndi loya amene anathawa moyo wothamanga wa ku Los Angeles, ndipo ndiye akutsogolera nkhondo yoti tawuni ibwerere pa mapu. Koma akangomaliza kufotokoza mbiri, ntchito yake yatha. Watsala kudikira kuti mnyamata abwerere. Ena onse aliyense ali ndi nthabwala yake imodzi imene akuibwereza: Mtaliyana wopenga ndi Ferrari, msilikali wopuma wokonda kulamula, Volkswagen ya m'ma 1960 yolalikira mafuta achilengedwe, gogo Lizzie woiwalaiwala. Amasangalatsa, koma palibe amene angachite chimene sunachiyembekezere. Wondikhudza ndi Red, galimoto yozimitsa moto yamanyazi imene imangothirira maluwa n'kulira ikakhumudwa. Timawu take tochepato ndi ta Joe Ranft, mnzake wa Lasseter potsogolera filimuyi, amene anamwalira pa ngozi ya galimoto mu August 2005 ntchito isanathe.

Za Mater maganizo anga ali pawiri. Larry the Cable Guy anamupatsa kalankhulidwe ka kumidzi ya kummwera kwa America, ndipo ubwenzi wake ndi chinthu choyamba chimene McQueen akulandira osachigwirira ntchito: Mater wangomusankha kukhala mnzake wapamtima, popanda chifukwa. Pamenepo pali kukoma mtima kwenikweni. Koma filimu imamudalira mopitirira muyeso. Usiku wokagwetsa mathirakitala ogona, n'kuthamangitsidwa ndi chimakina chokololera, umaseketsa ana koma ukutalikitsa gawo limene ndi lalitali kale. Nthabwala zina zinalembedwera munthu wamkulu wa ku America. Abale awiri eni kampani ya Rust-eze, imene McQueen amathamangira, ndi Tom ndi Ray Magliozzi, otchuka kwawoko pa pulogalamu ya pa wailesi yokamba za magalimoto. Amene sanawamvepo akungoona magalimoto awiri akale akuseka okha.

Pali vuto lina lozama, lochokera pa maziko enieni a filimuyi. M'dziko la Cars mulibe munthu ndi mmodzi yemwe. Ng'ombe ndi mathirakitala, tizilombo touluka ndi timagalimoto ta Volkswagen tamapiko, oonera mpikisano ndi magalimoto. Zimakoma, ndipo mwana safunsa kuti anamanga nyumbazi ndani, kapena kuti zitseko n'za chiyani ngati palibe wokwera. Mafunso amenewo sandivuta. Chondivuta n'chakuti chisoni cha filimuyi n'chobwereka kwa anthu amene yawachotsa. Tawuni ikafa, chimene chimapweteka ndi ana osamuka osabwereranso, sukulu yotsekedwa, ngongole, manda osowa owalambula. Ku Radiator Springs kulibe mwana, kulibe njala. Papita zaka 40 makasitomala akusowa, koma aliyense akadali ndi mafuta m'thanki. Akusowa ocheza nawo basi. Komanso chimene chinapha matawuni a Route 66 ndi galimoto yomweyo, ndi chilakolako chofika msanga chimene galimoto inabweretsa. Lasseter, amene bambo ake ankayang'anira zitsulo zosinthira pamalo ogulitsira magalimoto a Chevrolet, magalimoto amawakonda kwambiri moti sangawazenge mlandu. Ndiye filimu ikulira maliro a tawuni, kwinaku ikupukuta ndi kunyezimiritsa chimene chinaipha.

Nawo masiku akale amene filimu ikuwalira ndi osankhidwa. Route 66 ndi msewu umene mabanja osauka a ku Oklahoma anathawiramo chilala ndi fumbi m'zaka za m'ma 1930, nkhani imene John Steinbeck anailemba mu The Grapes of Wrath. Ndi msewu umenenso munthu wakuda sankangoima paliponse: malo ambiri ogona ndi odyera ankamukana, matawuni ena sankamulola kupezekamo dzuwa likalowa, moti kuyambira 1936 Victor Hugo Green ankasindikiza kabuku kolozera apaulendo akuda malo amene angalandiridwe. Sindikunena kuti filimu ya ana ikanasenza zonsezi. Koma ikamationetsa kale ngati nthawi imene msewu unkalandira aliyense ndi manja awiri, woonera wa kuno sangalephere kufunsa kuti aliyenseyo ndi ndani. Kusandutsa anthu magalimoto kunathandiza kuti funsoli lisatuluke.

Mpikisano womaliza unakonzedwa mwaluso. Chilichonse chimene chinadzalidwa m'tawuni chikukololedwa pano. Doc akutulukira atapentedwanso dzina lake lakale, kudzakhala mkulu wa amisiri. McQueen atagundidwa n'kutembenuka akuyenda chafutambuyo monga anaonera kwa Mater; atakankhidwira kunja kwa tala akukhota kukhota kuja kwa pa dothi. Guido, kagalimoto kothandiza pogulitsira matayala m'tawuni muja, amene amisiri a Chick akhala akumuseka, akuponya matayala anayi m'mwamba n'kuwamanga yekha m'kuphethira kwa diso. Kenako Chick akugunda The King, mkuluyo akugubuduzika kangapo n'kugwera pa udzu atafwanyika, chithunzi chokumbutsa ngozi imene Petty mwini wake anachita ku Daytona mu 1988. McQueen akuziona pa kanema wamkulu wa m'bwalo, akukumbukira chithunzi cha ngozi ya Doc, ndipo akumanga mabuleki mzere uli pamphuno. Bwalo lonse lili chete. Akubwerera, n'kumukankha mkuluyo mpaka kudutsa mzere. Apa Cars yachita chimene mafilimu a mpikisano sachita kawirikawiri, kumana ngwazi yake chikho, ndipo yachita zimenezi ndi mabuleki ndi bampala, zida za galimoto.

Chiganizo chimenechi chikanalemera chikanamudyera kanthu. Sichikumudyera. Chick akulandira chikho bwalo likumukuwiza. Mwini kampani ya Dinoco, imene McQueen wakhala akuilota filimu yonse, akumupatsa mwayi wothamangira kampaniyo ngakhale waluza, ndipo McQueen ndiye akukana mwaulemu. Wataya chikho, wapeza ulemu, chikondi, anzake ndi kutchuka koposa kale. Mwana woonera akutolapo zoti ukachita chabwino dziko limakulipira tsiku lomwelo, chonsecho nkhani ya Doc inali itatiuza kale zoona zake, zoti dziko limatha kukutaya usanalakwe kanthu.

Chondiwawa kwambiri ndi mmene tawuni ikupulumukira. McQueen akusamutsira likulu lake ku Radiator Springs, alendo akukhamukirako, dzina likubwerera pa mapu. Interstate ikadali pomwepo. Chasintha n'chakuti katswiri wasankha kukhala pano. Nkhani yeniyeni inali yokoma kuposa imeneyi, ndipo a ku Pixar ankaidziwa, chifukwa anakacheza ndi mwini wake. Ku Seligman, wometa tsitsi Angel Delgadillo anaona magalimoto akutha mumsewu wa pakhomo pake tsiku limene msewu watsopano unatsegulidwa. Mu 1987 anasonkhanitsa anzake n'kuyambitsa bungwe la Historic Route 66 Association of Arizona, limene linakakamiza boma la chigawocho kuti livomereze msewuwo kukhala wa mbiri ndi kuikamo zikwangwani. Alendo anabwerera pang'onopang'ono, chifukwa cha khama la eni mudzi. Mbewu ya nkhani imeneyi m'filimu ilimo: Sally ndi zoyesayesa zake, ndi usiku uja pamene eni tawuni akonza magetsi awo amitundumitundu n'kumayenda mofatsa mumsewu watsopano, kuwala kukusefukira pa maboneti awo. Olemba anali nayo m'manja, n'kusankha kuti mpulumutsi akhale mlendo wotchuka. Filimu imene yatha ola lathunthu ikutiuza kuti kutchuka n'kopanda pake, ikumaliza kutchukako kutalipira ngongole zonse za tawuni.

Cars inapeza madola oposa 460 miliyoni m'nyumba zoonetsera mafilimu ndipo inapambana Golden Globe, koma Oscar inapita kwa Happy Feet. Chuma chenicheni chinali m'zidole, zovala ndi zikwama: m'zaka zisanu zoyamba malonda ake anayandikira madola 10 biliyoni, ndipo mpaka lero nkhope yofiira ya nambala 95 timaiona pa zikwama za ana a sukulu m'misika yathu. Cars 2 ya 2011 inatsata ndalamazo. Inasiya tawuni, inaika Mater patsogolo, n'kusanduka nkhani ya akazitape yothamanga kuchokera ku Tokyo mpaka ku London, yodzala magalimoto atsopano oti akagulidwe. Mu 2017, motsogozedwa ndi Brian Fee, Cars 3 inabwerera pa dothi ndi pa funso la katswiri amene nthawi yamupitirira, ndipo McQueen anapatsidwa chinthu choti aope, chimene anachisowa poyamba paja. Paul Newman anali atamwalira mu 2008, ndiye kuti Doc amvekenso, anakafukula mawu amene anajambulidwa nthawi ya filimu yoyamba koma sanagwiritsidwe ntchito.